Milongoti iwiri ndi matanga a nthiti: momwe tinamangira boti laling'ono la ku Vaal

Munthu amene anakulira m'mphepete mwa nyanja ku Nkhotakota amalizindikira thanga ngakhale likuoneka ngati kadontho pakati pa madzi. La kwathu ndi limodzi, lalikulu, la nsonga zitatu, lomangiriridwa ku mtengo wautali wopendekeka, monga anatisiyira amalonda a Chiswahili a m'nthawi ya a Jumbe. Kuthamanga limathamanga, koma mwera ukagwa mwadzidzidzi limafuna amuna atatu kapena anayi: wina amasule chingwe, wina agwire mtengo kuti usakanthe munthu m'mutu, wina akumbatire nsalu isanamwe madzi. Ndili mwana ndinaona malume anga akulimbana nalo tikuchokera cha ku Chia, ndipo pofika pagombe zikhatho zawo zinali zitasupuka ndi chingwe.

Kuno ku Joni ndine kalipentala, ndimakhala ku Turffontein. Bambo ena amene ndinawakonzera makabati a m'khitchini ananditengera kuseri kwa nyumba yawo n'kundionetsa boti la mamita 7 lili pa ngolo, lopanda mlongoti. Anati akufuna kuliika milongoti iwiri ndi matanga a Chitchaina, amene oyendetsa maboti amawatcha junk. Ntchitoyo tinaigwira Loweruka lililonse kwa miyezi isanu, ine ndi alamu anga amene amasoka matenti ndi mipando ya galimoto cha ku Booysens. Abale a kumudzi akaona zithunzi amafunsa kuti, “Achimwene, thanga likhala bwanji ndi nthiti ngati chambo?” Nkhani yonse yagona pa nthitizo, ndiye tiyambire pomwepo.

Thanga la junk ndi nsalu yogawidwa m'zigawo, kawirikawiri zisanu mpaka zisanu ndi ziwiri. Pakati pa chigawo ndi chinzake pamapingasa ndodo yochokera kutsogolo kwa thanga mpaka kumbuyo kwake. Eni ntchitoyi amati batten, ife pabwalo paja tinkangoti nthiti. Ku China zinkakhala za nsungwi, lero ambiri amaika mapaipi a aluminiyamu. Pamwamba penipeni pamakhala mtanda wolimba woloza m'mwamba chopendekeka, pansi pamakhala mtanda wina wopepukirapo. Thanga lonse limalendewera mbali imodzi ya mlongoti, ndipo kagawo kake kakang'ono, mwina limodzi mwa magawo 10 a mulifupi mwake, kamapitirira kutsogolo kwa mlongotiwo.

Pa matanga a maboti a mpikisano, mphamvu yonse ya mphepo imakathera pa ngodya zitatu. N'chifukwa chake nsalu yake imafunika yolimba ndi yodula, zingwe zake zokungika ngati chikopa cha ng'oma. Pa junk chigawo chilichonse chimasenza katundu wake wochepa n'kumutula pa nthiti ziwiri zoyandikana nacho. Nsalu ya matenti yomwe ija imakwana, makina wamba a telala amasoka, ndipo chigawo chimodzi chikang'ambika chibowo chimalekera pa nthiti, sichifalikira thanga lonse. Ukalimasula kuti lingoloza mphepo silikupiza ndi phokoso ngati nsalu yoyanikidwa, limangoyendayenda phee ngati chitseko.

Nzeru imeneyi ndi yakale ku China. Zombo za Zheng He zimene zinafika ku Malindi ndi ku Mogadishu kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1400 zinali za matanga a nthiti. Joshua Slocum anawaika pa boti lake laling'ono Liberdade pochoka ku Brazil kupita ku America mu 1888. Koma amene anawazolowetsa pa maboti ang'onoang'ono a masiku ano ndi Blondie Hasler wa ku Britain. Mu 1960 iye anapikisana nawo pa ulendo wowoloka nyanja ya Atlantic munthu ali yekha, kuchokera ku Plymouth kupita ku New York, m'boti la mamita osakwana 8 lotchedwa Jester. Francis Chichester anafika poyamba patatha masiku 40, Hasler anafika wachiwiri patatha masiku 48, ndipo zingwe zonse ankazikoka ataima pa kabowo ka pakati pa boti, osakwera pamwamba. Buku limene analemba ndi Jock McLeod, Practical Junk Rig, la mu 1988, ndi limene linali pa benchi yathu litada ndi utuchi. Pa za milongoti iwiri anthu amakumbukira Badger, boti la mapulanga a plywood la mamita 10 la Pete ndi Annie Hill, limene linafika ku Greenland ndi ku South Georgia.

Chinthu choyamba chimene chimadabwitsa munthu wozolowera maboti ena n'chakuti mlongoti wa junk ulibe mawaya ougwira m'mbali. Umaima wokha ngati mtengo wa m'munda, ndipo uyenera kutero kuti thanga ndi nthiti zake zizitha kuzungulira popanda chowatsekereza. Wagwiridwa malo awiri okha: pamene waboola denga la boti, ndi pansi pamene tsinde lake lakhala pa msana wa boti. Mbali yolowa m'katiyo isachepere limodzi mwa magawo 10 a utali wa mlongoti wonse, apo ayi umakhala ngati mgwala wozulira chitsa, ndipo chitsacho ndi boti lanulo. Pa denga tinaunjikapo mapulanga omatidwa ndi guluu mpaka kukhuthala kwake kunafika ngati chikhatho, n'kuwalumikiza ku makoma a m'kati kuti mphamvu igawikane. Tsinde tinalikhoma bawuti kuti lisazungulire ndiponso lisadumphe boti likamawomba mafunde. Mlongoti ukangogwedera pang'ono m'bowo lake, usiku wonse umagogoda, ndipo kugogodako ndiko kudya kwa thabwa.

Mlongoti wotere umafunika wonenepa kutsinde, wowonda kunsonga, chifukwa kupindika konse kumathera pa denga. Ena amagula mapaipi a aluminiyamu a magetsi a mumsewu, poti amabwera atawonda kale kumutu. Ife tinapeza mitanda ya Oregon pine yochokera m'nyumba zakale zogumulidwa, mtengo umene wadzaza m'madenga ndi pansi pa nyumba zakale za mu Johannesburg. Tinaicheka, kuimata, pakati n'kusiya mphako kuti upepuke. Paini wa kuno wokula msanga ali ndi mfundo zambiri, bulugamu ndi wolimba koma amalemera. Kilogalamu iliyonse ya pamwamba pa mlongoti imapendeketsa boti laling'ono kuposa momwe maso angaganizire.

Nanga milongoti iwiri pa kaboti ka mamita 7 n'chifukwa chiyani? Ndinene poyera: pa boti locheperapo kuposa ili ine ndingaike umodzi. Iwiri ndiye kuti zingwe kawiri, kulemera kawiri, ndipo wa kutsogolo umakhala pafupi ndi mutu wa boti, kumene kulemera kumachititsa kuti mutuwo uzimira m'mafunde. Koma panali zifukwa zitatu zimene zinatigonjetsa. Mlongoti umodzi ukanagwera pakati penipeni pa malo ogona. Chachiwiri, botili limayenda pa ngolo mumsewu wa R59 mpaka ku Vereeniging n'kupitirira ku Deneysville, tawuni ya m'mphepete mwa damu la Vaal, ndipo milongoti iwiri yaifupi munthu mmodzi amatha kuidzutsa ndi kuigoneka, pamene umodzi wautali umafuna gulu. Chachitatu ndicho chenicheni: matanga awiri amakupatsa njira yowongolera boti ndi mphepo yomweyo.

Mayikidwe ake alipo atatu. Wa kumbuyo ukakhala wautali kapena wofanana ndi wa kutsogolo amati schooner. Wa kutsogolo ukakhala waukulu, wa kumbuyo wocheperapo uli patsogolo pa chiwongolero, amati ketch. Wa kumbuyo ukakhala waung'ono zedi, wokhala kumchira kuseri kwa chiwongolero, amati yawl, ndipo kathanga kake ntchito yake yaikulu n'kuwongola, osati kukoka. Ife tinasankha schooner, thanga la kutsogolo masikweyamita 10, la kumbuyo 15.

Tsono apa mpofunika kudekha. Boti lili pamadzi lili ndi malo amodzi m'mbali mwake pamene ukalikankha ndi chala limasuntha chammbali osatembenuka. Ukakankha patsogolo pa malowo mutu umathawa, ukakankha pambuyo mchira umathawa. Mphepo nayo, ngakhale ikuwomba nsalu yonse, imakhala ngati ikukankha pa malo amodzi. Luso lonse la kuika milongoti n'kugwirizanitsa malo awiriwa. Kuti tipeze oyambawo tinajambula mbali ya boti yomira m'madzi pa katoni, kuidula ndi sizasi, n'kuikhazika pa mpeni mpaka inaima osagwera uku kapena uko. Achiwiriwo ndi masamu a kusitandade 7. Pakati pa thanga la kutsogolo ndi pakati pa la kumbuyo panali mamita 3. Poti la kumbuyo ndi 15 mwa 25, malo a mphepo ali mamita 1.8 kuchokera pakati pa la kutsogolo, kapena 1.2 kuchokera pakati pa la kumbuyo. Pa pepala malo a mphepowo amaikidwa patsogolo pang'ono pa malo a madzi aja, chifukwa boti likayamba kuyenda litapendekeka limafuna lokha kutembenukira kumene mphepo ikuchokera.

Kufuna kumeneko, kukakhala kochepa, n'kwabwino. Woyendetsa akaterereka n'kutaya mpini wa chiwongolero, boti limaloza mphepo n'kuima. Choopsa ndi boti lothawa mphepo, chifukwa limenelo ukalitaya limatembenuka, matanga n'kudzaza, n'kumathamanga lokha. Ndi matanga awiri zimenezi umazisintha uli pamadzi. Ukakoka la kumbuyo mutu umapita ku mphepo, ukalimasula n'kukoka la kutsogolo mutu umachoka ku mphepo. Tsiku lina mphepo ili yofatsa tinamangirira mpini ndi kachingwe, boti n'kuyenda lokha mowongoka kwa nthawi yokwanira kumwa tiyi wa m'fulasiki ndi kudya buledi. Mphepo ikamachokera kumbuyo umatambasula lina kumanja lina kumanzere ngati nkhwazi, ndipo pamenepo ndi pamene junk amakoma koposa.

Zingwe zikaonedwa koyamba zimaoneka ngati ukonde wosokonekera, koma zimene dzanja limagwira tsiku ndi tsiku n'zochepa. Chokwezera, halyard, chimachoka kunsonga ya mlongoti n'kugwira mtanda wapamwamba cha pakati pake, chitadutsa m'timagudumu kangapo kuti katundu apepuke. Nthiti iliyonse ili ndi kachingwe kake kozungulira mlongoti kuti thanga lisauluke kutali nawo. Timeneti timamangidwa kamodzi basi. Pali china chokokera mtanda wapamwamba kufupi ndi mlongoti, ndi china chodutsa kutsogolo kwa nthiti za m'mwamba chimene chimafafaniza makwinya opingasa. Kenaka pali zowakhira, zotsika kuchokera kunsonga ya mlongoti mbali zonse ziwiri za thanga n'kudutsa pansi pa mtanda wapansi. Izi ndizo dengu limene thanga limagweramo. Alamu anga anaumirira kuti zikhale zonenepa ndi zatsopano, ndipo ananena zoona: chowakhira chikaduka, mtolo wonse wa nthiti umagwera pamutu pa amene wakhala pansi pake.

Chingwe chowongolera thanga, sheet, ndicho chosiyana ndi cha maboti ena onse. Sichigwira mtanda wapansi wokha. Kumbuyo kwa thanga, nthiti ziwiriziwiri kapena zitatu zimalumikizidwa ndi tizingwe tating'ono, pa tizingwepo pamalendewera kagudumu, ndipo chingwe chachikulu chimayenda uku ndi uku pakati pa timagudumu timeneti ndi tina tokhomedwa pa denga la boti. Motero ukakoka kamodzi wakoka thanga lonse kuyambira pansi mpaka m'mwamba, ndipo mutu wake supotoka kuthawa mphepo.

Apa ndi pamene milongoti iwiri imavutira, ndipo ndi pamene ife tinalakwitsa. Tizingwe tija timafuna malo. Thanga likatsitsidwa, nthiti zonse zimaunjikana pansi, ndipo ngati mtunda wochoka kumapeto kwa nthiti kufika pa kagudumu ka pa denga uli waufupi kuposa tizingweto, timagudumu timakumana mutu ndi mutu thanga lisanalowe m'kati. Umakoka, palibe chikubwera. Thanga la kumbuyo lili ndi mchira wonse wa boti, koma la kutsogolo lili ndi kampata kokha ka pakati pa ilo ndi thanga linzake, lomwenso lapitirira kutsogolo kwa mlongoti wake. Pojambula tinachita dyera, tinakulitsa la kutsogolo kuti tipeze nsalu yambiri. Titaimika zonse pabwalo Loweruka lina, alamu anayang'ana kampatako nthawi yaitali n'kunena kuti, “Alamu, apa chingwe chidutsa pati?” Tinadula masentimita 30 pa nthiti iliyonse, iwo anasoka mphepete yonse kachiwiri, ndipo ine ndinasema tsinde mwatsopano kuti mlongoti wa kutsogolo uweramire kutsogolo pang'ono. Kuweramako kumatsegula mpata m'mwamba, komanso kumathandiza kuti thanga lizigwera lokha kunja mphepo ikachepa. Ena amathetsa vutoli poika zingwe ziwiri, china kumanja china kumanzere, koma pamenepo wawonjezeranso zokoka. Chinanso chimene tinaphunzira n'chakuti mphepete ya kumbuyo kwa thanga iime chilili. Nthiti za m'mwamba zikatalika kuposa za m'munsi, tizingwe timakola kumapeto kwake nthawi iliyonse boti likatembenuka.

Chofooka cha junk chimadziwika: kukwera mphepo. Thanga limakoka boti kulowera kumene mphepo ikuchokera chifukwa cha mimba yake, monga phiko la mbalame, ndipo matanga a Hasler anali athyathyathya ngati chitseko. M'zaka za m'ma 1990 Arne Kverneland wa ku Norway anaonetsa kuti mimbayo ingasokeredwe m'chigawo chilichonse. Mphepete za nsalu zimene zikagone pa nthiti umazidula mokhota ngati mbali za mbiya, ndiye ukazisokera pa nthiti yowongoka nsalu yotsalayo imatukuka pakati. Mimba ya 8 pa 100 imakwana, kutanthauza kuti pa nthiti ya mamita 3 nsalu itukuke masentimita 24, ndipo pozama pake pakhale chakutsogolo, osati pakati. Zigawo za m'mwamba zimasiyidwa zosatukuka kwambiri poti ndizo zimatsala mphepo ikakula. Ngakhale zili choncho, maboti a mpikisano a ku Deneysville amatisiyabe pokwera mphepo, ndipo pa schooner thanga la kumbuyo limalandira mphepo yopotozedwa kale ndi la kutsogolo, choncho liyenera kukokedwa kwambiri kuposa linzake. Amene akufuna chikho asaike junk.

Koma damu la Vaal lili ndi khalidwe lake. Linamalizidwa mu 1938 pamene mitsinje ya Vaal ndi Wilge imakumana, ndipo lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene nyanja yathu ya Malawi ili pa mamita osakwana 500. Mpweya wa kuno ndi wopepuka, mphepo ya liwiro lomwelo imakankha mofooka ndi gawo limodzi mwa magawo 7 poyerekeza ndi ya ku Durban. Masiku ambiri m'mawa kumakhala bata, ndiye umafuna nsalu yambiri. Koma kuyambira Okutobala mpaka Malichi, masana mitambo imaunjikana, ndipo mvula ya mabingu isanafike pamabwera chimphepo chozizira chogwa ngati khoma. Liwiro la mphepo likawirikiza kawiri, mphamvu yake pa nsalu imawirikiza kanayi. Thanga loyenera malo otere ndi lalikulu m'mawa, lotha kuchepa m'kamphindi masana.

Tinaziona Lamlungu lina mu Novembala. Kumwera chakumadzulo kunada bii, madzi a kutali anayamba kuyera nsonga, fungo la fumbi lonyowa linatipeza mphepo isanafike. Mwini boti anali pa chiwongolero, ine ndinakhala pa zingwe, alamu atavala jekete yoyandamitsa atagwira m'mphepete. Ndinamasula chokwezera cha thanga la kumbuyo, zigawo zitatu zinapindika chimodzichimodzi n'kugona m'zowakhira ndi kulemera kwa nthiti zomwe. Ndinakoka sheet imene inali italendewera, kenaka chingwe cha mtanda wapamwamba. La kutsogolo ndinatsitsa zigawo ziwiri chimodzimodzi. Palibe anaimirira, palibe anakwawira kumutu kwa boti, palibe mfundo inamangidwa. Chimphepo chitafika boti linapendekeka, madzi ananyambita m'mphepete, kenaka linadzuka n'kumapita. Timayamba ndi la kumbuyo chifukwa ndilo limakankhira mutu ku mphepo n'kulemetsa chiwongolero. Sitinachedwe pamadzipo, poti mphezi za kuno si zoseweretsa ndipo mlongoti ndiwo chinthu chachitali pa damu lonse. Tinakocheza pa gombe lapafupi matalala akuyamba. Ndikumanga boti pa chikhomo ndinayang'ana zikhatho zanga, zinali bwinobwino, ndipo ndinakumbukira za malume.

Zoopsa zake zilipo, ndipo munthu azidziwe asanakwere. Thanga likatsika, chingwe chambiri chimatsala m'boti, ndipo chikasiyidwa pansi chimakola mwendo kapena kupanga mfundo pa nthawi yoipa. Alamu anasoka timatumba, chingwe chilichonse ndi kake. Potembenuka mphepo ili kumbuyo, sheet yolendewera imasesa mchira wa boti ndipo ingakole mpini, chipewa, ngakhale khosi la munthu, choncho uyambe waikoka usanatembenuke. Ukatembenuka mosasamala thanga lili lotsitsidwa kwambiri, mphepo imatha kulowa pansi pa nthiti zogona zija n'kuzitambasulira m'mwamba, mtanda wapamwamba n'kukakola kuseri kwa zowakhira. Mtandawo ukhale wautali mokwanira kuti usatulukemo. Ndipo mdani wa tsiku ndi tsiku ndi kukhuzana: pamene nthiti ikhudza mlongoti tinakutapo malamba akale a galimoto, ndipo boti likapuma matanga timawaphimba chifukwa dzuwa la kuno limadya ulusi msanga kuposa mphepo.

Mwana wa malume aja ali ndi boti la matabwa limene amanyamulira makala ndi chinangwa m'mbali mwa nyanja, ndipo mafuta a injini akumulemera. Ndamujambulira thanga limodzi la zigawo zinayi, osati awiri, chifukwa boti lake lilibe denga, ndipo mlongoti wopanda mawaya udzafuna thabwa lopingasa lolimba zedi lomangiriridwa ku nthiti za boti lenilenilo. Ndamuuza kuti adule nsungwi zokhwima khumi, aziyanike pamthunzi osati padzuwa kuti zisang'aluke, ndipo andiyezere mtunda wochoka pa thabwa la pakati kufika pa msana wa boti. Ukapezeka kuti sukwana masentimita 60 pa mlongoti wa mamita 6, tidzayamba takweza thabwalo nsalu isanagulidwe.